Kodi ndidzisindikizire ndekha buku langa?

Kalata ya owerenga: "Ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Ntcheu. Ndinalemba nkhani yaitali m'Chichewa n'kuitumiza ku kampani ina yofalitsa mabuku. Papita zaka ziwiri tsopano, koma ndikaimba foni amangoti akuiwerengabe. Kampani ina yandiuza kuti ikhoza kunditulutsira bukuli m'mwezi umodzi ngati ndilipira ndalama zonse zosindikizira mabuku 1,000, koma papepala la mgwirizano alemba kuti umwini wa bukuli udzakhala wawo. Mwana wanga akuti ndisavutike, ndingoliika pa Amazon. Ndalama zomwe ndili nazo ndi za penshoni. Kodi ndidikirebe, ndilipire, kapena ndidzisindikizire ndekha? Nanga buku lodzisindikizira wekha anthu amalipatsa ulemu?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Kukhala chete kwa kampani yoyambayo sikutanthauza kuti nkhani yanu ndi yosakoma. Pa zaka zomwe ndakhala ndikukonza zolemba za anthu ndi kuziperekeza mpaka zisanduke mabuku, ndaona nkhani zabwino zedi zikugona m'makabati a maofesi popanda wozitsegula, ndipo chozigoneka nthawi zambiri chimakhala malonda, osati luso la wolemba. Maganizo anga ndi akuti pepala la kampani yachiwiriyo musalisaine mmene liliri, ndiponso kuti kudzisindikizira nokha n'kotheka ndithu, malinga muyambe ndi mabuku ochepa ndipo ndalama yoyamba kutuluka m'thumba mwanu ipite kwa mkonzi, osati kwa eni makina osindikizira.

Kuti mumvetse chomwe chikuchedwetsa yankho lanu, m'pofunika kudziwa mmene msika wa mabuku m'dziko muno unayendera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, makampani monga Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ku Blantyre, komanso bungwe la mabuku achikhristu la CLAIM, ankatulutsa mabuku a olemba a konkuno, ndipo panali Malawi Book Service yomwe inali ndi masitolo m'matauni angapo ndi kufikitsa mabuku m'sukulu. Malawi Book Service itagwa m'zaka za m'ma 1990, njira yofikitsira buku kwa wowerenga wakutali ndi mzinda inaduka, kotero kuti mpaka lero masitolo enieni a mabuku ndi owerengeka. Chomwe chimasunga kampani yofalitsa mabuku m'Malawi ndi mabuku a sukulu, makamaka omwe avomerezedwa ndi akuluakulu a zamaphunziro kapena asankhidwa kuti ophunzira alembepo mayeso a MSCE, chifukwa amenewo ogula ake amadziwika buku lisanatuluke n'komwe. Nkhani yopeka yomwe siili pa silabasi ilibe wogula wotsimikizika. Onjezanipo kuti mapepala, inki ndi zipangizo za makina zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo ena 44 pa 100 mu Novembala 2023, mudzaona chifukwa chake mkulu wa kampani amazengereza kuika ndalama pa wolemba watsopano. Komabe kuzengereza kumeneku sikumupatsa chilolezo chosunga zolemba za munthu zaka ziwiri popanda yankho lolembedwa. Pamenepo akulakwirani.

Kale wolemba wokanidwa kapena woiwalidwa analibe kolowera, popeza makina akale osindikizira ankafuna kuti munthu asindikize mabuku ambirimbiri kamodzi kuti mtengo wa buku limodzi utsike. Zinthu zinasintha pamene kunabwera makina osindikiza kuchokera pa kompyuta, omwe akhoza kutulutsa mabuku 50 kapena limodzi lokha. Ku America, kampani ya Lulu inayamba mu 2002 kusindikiza buku pokhapokha wina akaliitanitsa, ndipo mu 2007 Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, inatulutsa chipangizo chowerengera cha Kindle pamodzi ndi njira yoti wolemba aliyense aziikapo buku lake, yomwe lero imatchedwa Kindle Direct Publishing. Kuchokera nthawi imeneyo olemba ambiri a ku America ndi ku Britain, makamaka a nkhani zachikondi ndi zaupandu, anayamba kupeza owerenga popanda kudutsa pakhomo la wofalitsa aliyense. Makampani akuluakulu nawo anayamba kufunafuna olemba omwe adzipezera kale owerenga, ndipo ena mwa olembawo amagulitsa ufulu wa buku lapepala lokha n'kudzisungira ufulu wa buku la pa intaneti. Wolemba wa lero akhoza kukhala pansi ndi wofalitsa n'kukambirana ngati anthu awiri a malonda, ndipo akhoza kunyamuka ngati zomwe akumva sizikumukomera. Kusintha kumeneku kunafikanso kwathu, ndipo mabuku ambiri a ndakatulo, a mbiri ya moyo ndi a zauzimu omwe mumamva kuti akhazikitsidwa m'maholo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amakhala olipiridwa ndi eni ake.

Koma mukamadzisindikizira nokha, ntchito za wofalitsa sizichoka. Zimangosamukira pamapewa anu pamodzi ndi chiopsezo chake. Zili ngati mlimi amene wakana kugulitsa chimanga chake kwa mavenda n'kusankha kupita nacho yekha kumsika: mtengo adzapeza wabwinopo, koma matumba, galimoto, msonkho wa pamsika ndi chimanga chotsala osagulidwa zonse zili kwa iye. Wofalitsa weniweni amasankha buku, amalipira mkonzi, wojambula chikuto ndi woyala masamba, amalipira makina, amasunga mabuku, amawafikitsa m'masitolo, amalondola ngongole, ndipo buku likakanika kuyenda ndi iye amene amaluza. N'chifukwa chake amatenga gawo lalikulu la ndalama, n'kumupatsa wolemba gawo lomwe kawirikawiri limakhala pafupifupi magawo 10 pa 100.

Mukaiona nkhani motero, vuto la kampani yachiwiriyo lionekera poyera. Wofalitsa amapatsidwa ufulu pa buku chifukwa chakuti waikapo ndalama zake. Munthu amene akufuna kuti ndalama zonse mutulutse ndinu, kenako umwini ukhale wake, akufuna phindu la wofalitsa popanda kusenza katundu wa wofalitsa. Kampani yotere yapeza kale phindu lake tsiku lomwe mwalipira, kotero ilibe chifukwa chodzukira m'mamawa kukagulitsa buku lanu. Sindikunena kuti aliyense wolipiritsa wolemba ndi wakuba, ayi. Alipo anthu achilungamo omwe amagulitsa ntchito yokonza, kuyala masamba ndi kusindikiza, ndipo kuwalipira n'chimodzimodzi kulipira mmisiri aliyense. Chowasiyanitsa n'chakuti amakupatsani mtengo wa ntchito iliyonse payokha papepala, mabuku onse osindikizidwa amakhala anu, mafailo a buku amakupatsani ntchito ikatha, ndipo umwini saukhudza n'komwe. Afunseni eni kampaniyo ngati angachotse ndime ya umwiniyo. Afunseninso kuti akuonetseni mabuku omwe anatulutsa kale ndi masitolo komwe akugulitsidwa, ndipo mupiteko mukaone nokha. Akakana kuchotsa ndimeyo, kapena akayamba kukufulumizitsani kuti mtengo ukwera mawa, tsanzikani mwaulemu. Ndipo mabuku 1,000 ndi ambiri kwambiri kwa wolemba amene sanayesepo msika. Ndinapitako kunyumba ya wolemba wina amene anachita zotere: makatoni anali ataunjikidwa kuseri kwa chitseko cha chipinda chogona, a pansi atayamwa chinyontho cha simenti, masamba atamatirirana, ndipo chiswe chinali chitaboola katoni ya pakona. Mabuku omwe anagulitsa sanakwane n'komwe kubweza ndalama ya chikuto ndi mayendedwe.

Kampani yoyambayo ilembereni kalata, osati kuimba foni, ndipo musunge kope lake. Afunseni kuti akuyankheni polemba pofika tsiku lomwe mutchule, mwina pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo muwauze kuti tsikulo likadutsa mudzakhala mwachotsa zolemba zanu m'manja mwawo. Ngati simunasaine nawo kanthu, nkhaniyo ndi yanu ndipo muli ndi ufulu woipereka kwina. Akayankha kuti akulifuna bukulo, imeneyo ndi nkhani yabwino, makamaka kwa munthu wodalira penshoni, koma mgwirizano wawo muuwerenge modekha. Muone ngati gawo lanu likuwerengeredwa pa mtengo wolembedwa pachikuto kapena pa ndalama zomwe kampani yalandira sitolo itachotsa kale gawo lake, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu. Muone kuti azikupatsani lipoti la malonda kangati pachaka, kuti bukulo lituluka pasanathe nthawi yotani, ndiponso kuti ufulu udzabwerera kwa inu liti ngati buku latha ndipo sakulisindikizanso. Ufulu womasulira m'zinenero zina, wosandutsa nkhaniyo sewero la pawailesi kapena kanema, ndi wa buku la pa intaneti musaupereke mwaulere pamodzi ndi wa buku lapepala. Chilolezo cha zaka zowerengeka n'chabwino kuposa kugulitsa umwini wonse mpaka kalekale.

Malangizo a mwana wanu ali ndi mbali yoona. Kuika buku pa Amazon sikulipiritsa, ndipo pa buku lowerengera pa foni kapena pa Kindle wolemba amalandira magawo 70 pa 100 ngati mtengo wake uli pakati pa madola 2.99 ndi 9.99 m'mayiko omwe kampaniyo inasankha, kapena magawo 35 pa 100 kupanda apo. Buku lapepala amalisindikiza pokhapokha wina akagula, kotero simusunga katoni iliyonse. Funso n'lakuti owerenga anu ali kuti. Wogula pa Amazon amafunika khadi la kubanki lolipirira kunja, ndipo buku lapepala lochokera kumeneko likamafika ku Ntcheu mtengo wotumizira umakhala utaposa wa buku lenilenilo. Njira imeneyi ingakuthandizeni kufikira abale athu okhala ku Britain, ku America ndi mayiko ena omwe amalakalaka chowerenga m'chinenero chawo, koma singakhale msika wanu waukulu. Musanadalire njirayi, mwana wanuyo ayambe waona mndandanda wa zinenero zomwe kampaniyo imalandira ndi njira yomwe ndalama zingafikire ku banki yanu. Dziwaninso kuti ndalama zimabwera patatha masiku pafupifupi 60 mwezi wa malonda utatha, ndipo pa mabuku ogulidwa ku America boma la kumeneko limadula msonkho wa magawo 30 pa 100, popeza Malawi alibe pangano la misonkho ndi dzikolo. Kugulitsa buku ngati PDF pa WhatsApp, anthu n'kumalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kukuchitika ndipo n'kosavuta, koma failo ikangofika pa foni imodzi imayenda m'magulu popanda wolipiranso. Ine ndimalangiza kuti pa foni muzigawa mutu woyamba wokha kuti anthu alawe.

Mukasankha kudzisindikizira, ntchito yeniyeni iyambire pa mkonzi. Ndikudziwa kuti munthu amene wachonga makope a ana moyo wake wonse amaona ngati sangalakwitse kalembedwe, koma diso la mwini nkhani limawerenga zomwe ankafuna kulemba, osati zomwe zili papepala. Kukonza kuli pawiri. Koyamba n'koona ngati nkhani ikuyenda, ngati mutu wina sukungobwereza wam'mbuyo, ngati munthu amene anamwalira pa tsamba 40 sakuyankhulanso pa tsamba 90. Kwachiwiri n'kwa kalembedwe: komwe mawu alumikizidwa kapena kulekanitsidwa, zizindikiro za m'kalembedwe, ndi kuonetsetsa kuti liwu limodzi silikulembedwa mitundu iwiri m'buku lomwelo. Pezani munthu wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene si mnzanu wapamtima, ndipo mumulipire kuti akhale ndi ufulu wokuuzani zoona. A ku Centre for Language Studies ku Zomba ndi omwe amagwira ntchito ya zinenero zathu, ndipo mukhoza kuwafunsa pomwe pali kukayika. Mabuku ambiri odzisindikizira amagwera pomwepa, chifukwa mwini wake anathamangira tsiku la mwambo wokhazikitsa buku n'kulumpha mkonzi.

Zikatero pezani woyala masamba ndi wojambula chikuto amene anagwirapo ntchito ya mabuku, osati wa makalata a ukwati okha. Nambala ya ISBN, ya manambala 13 yomwe masitolo ndi malaibulale amazindikirira buku, m'Malawi imaperekedwa ndi National Archives, ofesi ya boma yosunga zolemba za dziko ku Zomba, ndipo muitenge m'dzina lanu kuti wofalitsa wolembedwa mukhale inu. Buku lapepala ndi la pa intaneti lililonse limafuna nambala yake. Lamulo limafunanso kuti buku lofalitsidwa m'dziko muno liperekedwe ku National Archives komweko kuti lisungidwe, ndipo udindo umenewu tsopano ndi wanu.

Kwa eni makina funsani mitengo m'malo atatu kapena kuposerapo, pa kukula kofanana kwa buku, pepala lofanana ndi kamangidwe kofanana. Musalole kuti asindikize onse musanagwire kope limodzi loyesera. Kopelo mulitsegule pakati mpaka ligone, muone ngati guluu akugwira kapena masamba ayamba kuthothoka. Muone ngati mawu a m'mphepete mwamkati sakumira m'msana wa buku, ngati manambala a masamba akugwirizana ndi zamkatimu, ngati inki ya chikuto siikutsalira pachala, ndipo ngati munagwiritsa ntchito chilembo cha ŵ muone kuti sichinasanduke kabokosi, chifukwa mitundu ina ya zilembo pa kompyuta ilibe chilembo chimenechi. Mukakhutira, sainani pa kopelo ndi kulisunga kuti likhale mboni ngati mabuku enawo atatuluka mosiyana. Yambani ndi mabuku 100 kapena 200. Mtengo wa buku limodzi udzakhala wokwererapo kusiyana ndi wa mabuku 1,000, koma ndalama yomwe mwaika pachiswe idzakhala yochepa, ndipo zolakwika zomwe owerenga oyamba adzapeze mudzazikonza posindikiza kachiwiri.

Mtengo muuwerengere musanasindikize. Tingoyerekeza kuti buku mukuligulitsa K10,000 ndipo kusindikiza limodzi kwadya K4,000. Sitolo kawirikawiri imatenga gawo la pakati pa magawo 25 ndi 40 pa 100, tinene K3,500. Zotsala ndi K2,500, ndipo m'menemo muchotsemo za mkonzi, za chikuto, za minibasi yopita kukasiya mabuku ndi yopita kukalondola ndalama. Wolemba wa kampani akanalandira mwina K1,000 kapena kucheperapo pa buku lomwelo, koma osatulutsa tambala. Phindu la wodzisindikizira limaoneka bwino pa mabuku omwe wagulitsa yekha pamanja, ndipo apa inu muli ndi mwayi womwe olemba ambiri alibe: aphunzitsi anzanu, ana omwe munawaphunzitsa omwe tsopano ali pantchito, mpingo wanu, ndi sukulu zomwe zimakudziwani. Lembani mayina a anthu omwe mukutsimikiza kuti adzagula, osati omwe adzangoyamikira, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chikuuzeni mabuku oyamba kusindikiza. Ena amatolera ndalama za oitanitsiratu buku lisanatuluke, zomwe n'zabwino malinga tsiku lolonjezedwa lisungidwe. Masitolo ambiri amalandira mabuku kuti adzalipire akagulitsa, choncho buku lililonse losiyidwa lilembedwe, wolandira asaine, ndipo mugwirizane tsiku lowerengerana. Achibale ofuna laulere adzakhalapo ambiri. Muikiretu chiwerengero cha mabuku opereka mwaulere ndipo musachidutse.

Pa funso la ulemu, wowerenga wamba safunsa kuti buku analipirira ndani. Amaona chikuto, amatsegula tsamba loyamba, ndipo akapeza zolakwika zitatu m'ndime yoyamba amalibweza pashelefu. Kunyozeka komwe mabuku odzisindikizira ali nako kunabwera chifukwa ambiri amatuluka osakonzedwa, ndipo buku lokonzedwa bwino limakuthetsa lokha. Chomwe dzina la kampani yodziwika limathandizadi ndi kulowa m'sukulu, m'malaibulale ndi m'mipikisano ina yomwe salandira mabuku odzisindikizira. Koma njira ziwirizi sizitsekerana. Buku lomwe lagulitsidwa mabuku mazana angapo ndi mwini wake, ndipo aphunzitsi a Chichewa ayamba kulitchula, limakhala ndi mphamvu pokambirana ndi wofalitsa kuposa zolemba zongofika pa positi, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha umwini ukadali m'manja mwanu.

Pali nthawi zomwe simuyenera kuyenda nokha. Pepala lililonse lotchula umwini, ufulu kapena chilolezo lionedwe ndi loya kapena munthu wodziwa malamulo a zaumwini musanasaine, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno motsatira lamulo la 2016, ndi malo oyenera kufunsako komanso kulembetsako buku lanu likatuluka. Kumeneko n'komwenso mungadandaule mukapeza buku lanu likufotokopedwa n'kugulitsidwa popanda chilolezo. A Malawi Writers Union angakulumikizeni ndi olemba omwe anadutsa kale njira imeneyi, omwe angakuuzeni akonzi ndi eni makina odalirika kuchokera pa zomwe anaona okha. Ngati nkhani yanu ikutchula anthu enieni kapena zochitika zomwe anthu a kwanu angazizindikire, loya aiwerenge isanasindikizidwe, chifukwa mlandu woipitsa mbiri ya munthu umagwera wolemba ndi wofalitsa, ndipo pano onse awiriwo mudzakhala inu. Kampani yoyambayo ikakana kubweza zolemba zanu kapena ikanena kuti zinatayika, musakangane nawo pafoni. Tengani kope la kalata yanu ndi umboni wa tsiku lomwe munatumiza, mupite nazo kwa loya. Ndipo pa ndalama za penshoni, khalani pansi ndi a m'banja mwanu mugwirizane ndalama yomwe mungathe kuitaya popanda pakhomo kugona ndi njala, ndipo bajeti yonse ya mkonzi, chikuto ndi mabuku oyamba ikwane m'menemo. Ikapanda kukwana, chepetsani chiwerengero cha mabuku, koma mkonzi musamuchotse.